Kabichi wa Ukwati wa Susana

Ankhoswe a mbali zonse atagwirizana kuti Yoswa akwatire Susana, chinatsala ndi tsiku. Apa ndiye a Paulo, bambo ake a Susana, anaimitsa anthu.

"Alendo sadzadya nyemba zokha pakhomo panga," anatero. "Ukwati udikire kabichi wanga."

Kabichiyo anali atangomuwokera kumene kudimba, kumunsi kwa phiri ku Msakambewa. A Paulo ankati mwezi ukaoneka kawiri adzakhala atakhwima. Akazi awo, a Kezia, anaseka.

"Mwaiwala chisanu cha kuno? Mu Juni kabichi amangokhala, sakula. Onjezanipo mwezi wina."

Yoswa atamva za mwezi wowonjezerawo sanadye bwino tsiku limenelo. M'mawa mwake anapezeka kudimba atanyamula kheni yothirira. Tsiku lina anabwera ndi ngolo ya manyowa kuchokera kukhola la malume ake. Akamaliza kuthirira ankagwada, n'kumadina mutu uliwonse ndi chala.

"Bambo, uyu walimba ndithu," ankatero mwaulemu.

A Paulo ankadinanso pomwepo. "Akubonyokabe, mwana wanga. Ukamudina azikukaniza ngati bondo."

Susana, pobwera ndi mbatata yootcha, ankamunong'oneza Yoswa kuti, "Mukawadina chonchi tsiku ndi tsiku achita manyazi, sakula."

Kaya anali manyowa aja, kaya dzuwa lomwe linabwerera msanga chaka chimenecho, kabichi anayamba kukulunga mofulumira kuposa mmene a Kezia ankaganizira. A Paulo anathamangira kuparishi kuti Bambo Mfumu ayambe kulengeza ukwati. Koma Lamulungu lomaliza kulengeza, mudzi wonse unatengedwa pa lole kupita ku msonkhano wa chipani kuboma. Kulengeza kunasunthidwa, ukwatinso unasunthidwa.

Kabichi sanamve zimenezo. Lachiwiri m'mawa Yoswa anapeza mitu ingapo itang'ambika pakati, yoyera mbee. Anathamanga mpaka kunyumba kwa apongozi ake, n'kuiwala ngakhale kuodira.

"Akuphulika! Kabichi akuphulika!"

Onse anatsikira kudimba. A Kezia anagwira mutu umodzi ndi manja awiri, n'kuupotoza pang'ono mpaka mizu inalira kuti thethe.

"Mizu ina ikaduka, samwa madzi ambiri, ndiye adikira," anatero. "Iwenso Yoswa, kheniyo uipumitse. Wawakhutitsa kwambiri."

Onse anapotoza mzere ndi mzere, akuseka, matope ali m'maondo. Mitu yong'ambika anagawira anansi, moti sabata imeneyo mudzi wonse unkanunkhira kabichi.

Wotsalayo anadikiradi. Pa tsiku la ukwati amayi anadula kabichi wodzaza malichero, alendo ochokera ku Nachisaka mpaka anapempha wina woti atengere kwawo. Pakati pa magule a Paulo anakokera mkamwini wawo pambali.

"Mawa upume," anamuuza. "Koma mkuja ubwere msanga. Tomato akufuna mitengo yomangirira."