Mchere m'Chitsime cha pa Msewu wa Mfumu

"Ndinu, achimwene! Amene mwathira mchere m'chitsime cha bambo ndinu, ndipo musayang'ane kumbali ngati simukundimva!"

Timna anaponya chotungira chachikopa pamapazi pa Alivani, madzi n'kumwazikira pa nsapato zake zatsopano. Alivani anali pamthunzi wa chipata cha mudzi, lupanga lili pantchafu, akudya nkhuyu zouma ndi anzake awiri.

"Tsitsa mawu, iwe," anatero. "Anthu aziti kwathu kulibe mwambo."

"Mwambo? Tabwerani mulawe mwambo wanuwo. Ngakhale mbuzi zangonunkhiza n'kubwerera."

Masiku asanu m'mbuyomo kunafika mthenga wa mfumu ya Edomu. Anati chikhamu cha ana a Yakobo, ochokera ku Iguputo, chaima kumalire ndipo chikupempha kudutsa pa Msewu wa Mfumu. Mfumu yakana, choncho zitsime zonse za m'mbali mwa msewu zitsekedwe. Midzi ina anangogubuduzira mwala pakamwa pa chitsime n'kuikapo mlonda. Koma Alivani, amene anali atangopatsidwa kumene lupanga ndi amuna khumi, anati mwala umagubuduzika. Analanda mchere umene abulu anayi anabwera nawo kuchokera ku Nyanja ya Mchere, nakhuthulira matumba onse m'chitsime.

Ndiye ana a Yakobowo osabwera n'komwe! Ataona malupanga kumalire, anatembenuka nalowera kuchipululu.

"Ndinachita zimene mfumu inalamula," anatero Alivani.

"Mfumu inati tsekani. Inati iphani? Ndipo mumafuna kupha ndi ludzu anthu ake ati? Yakobo ndi gogo wathu Esau sanayamwe bere limodzi?"

"Mlongo wakoyu pakamwa pake m'poposa lupanga lakolo," anatero mmodzi wa anzake aja, onse n'kuseka. Alivani yekha sanaseke.

Nthawi yomweyo kunamveka mabelu kumwera. Unali ulendo wa Abida Mmidiyani, ngamila makumi atatu zosenza lubani ndi mkuwa, zochokera kudoko la Elati kupita ku Damasiko. Zinali zitayenda masiku atatu pamwamba pa mapiri, ndipo kuchoka pamudzipo msewu umatsetserekera m'chigwa cha Zeredi, chimene m'chilimwe chimakhala miyala yokhayokha. Mudziwo unkadyera chitsimecho. Apaulendo akaima kuti amwetse, amagulanso mikate, mphesa zouma ndi tchizi cha mbuzi, n'kusiya nsalu ndi mafuta.

Timna anathamanga, koma anapeza ngamila zitazungulira kale chomwera ziweto cha pachitsimepo. Yoyamba inaviika mlomo, n'kudzutsa mutu, n'kulira mokwiya. Abida, nkhalamba ya ndevu zoyera, anatapa madziwo m'dzanja, nalawa, nalavula.

"Mwana wa Dishoni," anatero mofatsa, "bambo ako anandimwetsa pano zaka makumi awiri. Wachita izi ndi mdani wanji?"

"Si mdani, bambo Abida. Ndi wa m'nyumba momwe."

Nkhalambayo inayamba kuyenda molunjika pamphambano, pamene msewu umasiyana ndi njira yakuchipululu. Pamenepo panali mulu wa miyala, pamwamba pake mwala woyera, chizindikiro chouza aliyense wapaulendo kuti kutsogoloko kuli madzi abwino. Mtsogoleri wa ulendo akapeza chitsime chakufa, amachotsa mwalawo. Ukachoka, mbiri imafika ku Elati ndi ku Damasiko mwezi usanathe, ndipo ngamila zikazolowera njira ina sizibwereranso.

Timna anamutsekera njira. "Bambo, musatero. Chitsime chathu n'cha kasupe. Tikatunga osaleka, madzi amcherewo n'kumataya kutali, pakutha pa masiku asanu ndi awiri chidzatsitsimuka."

"Atunge ndani? Iwe wekha, ndi timanja ito?"

"Amuna alipo khumi!"

"Ali kuti? Ine ndangoona anthu akudya nkhuyu." Abida anapukusa mutu. "Pambuyo pangapa pakubwera ulendo wa akazi ndi ana, opita ku Mowabu. Akhulupirira mwala uwu, asiya kusunga madzi m'matumba. Ndiwanamize ine?"

Zimene ankanena mkuluyo zinali zoona, ndipo n'zimene zinamuwawa kwambiri Timna. Anthu a m'mudzi anali atasonkhana, amayi ali ndi mitsuko yopanda kanthu, ana ali pambali pawo. Alivani naye anafika, lupanga likumugunda m'miyendo.

"Musakhudze mwalawo, akulu," anatero Alivani. "Uno ndi msewu wa mfumu."

"Ndi wa mfumu, inde, mwana wanga," anayankha Abida. "Koma ngamila sizidziwa mfumu. Zimadziwa madzi." Anatambasula dzanja n'kutsitsa mwalawo, nauika pansi pafumbi. Kenaka anatembenukira Timna. "Ndiima mpaka mthunzi wa mulu uwu ufike paphazi langa. Ndikaona amuna khumi ali pachingwe, ndiuza a m'njira kuti chitsimechi chikudwala, sichinafe. Ndikapanda kuwaona, ndinena zimene ndalawa."

Mthunziwo unali utatsala pang'ono, ngati mkono umodzi. Amuna khumi aja anayang'ana Alivani. Iye anayang'ana pansi, chifukwa kugwira chingwe kunali kuvomera pamaso pa mudzi wonse kuti analakwa, komanso kutsekula chitsime chimene mthenga anali asanalamule kuti chitsekulidwe.

Timna anapita kukamasula chingwe chachikulu pamtanda wa chitsime. Chinali cholemera, anachikoka chikukwekwereza m'fumbi, nachiunjika patsogolo pa mchimwene wake.

"Mukuopa mthenga amene ali kutali, ana awa ali pompano milomo itang'ambika? Musandiyang'ane ine, yang'anani iwo. Muwauza amuna anuwa agwire chingwe, kapena muwauza amayiwa asamukire kuti? Yankhani, achimwene, anthu onsewa akumva. Yankhani!"