Madzi a Kufakitale Akwera Masitepe

Kufakitale ya mabotolo ankamutcha Mayi Zimitsani, ndipo dzinalo anadziputira yekha. Ntchito yake inali yolemba lipoti la chaka ndi chaka losonyeza mmene kampani ikusamalirira chilengedwe, koma pampando sankakhazikika. Ankalowa ofesi ndi ofesi kuzimitsa magetsi osiyidwa, n'kumamata mapepala paliponse pamene pali switchi: "Popita kukadya, zimitsani zonse." Anthu ankamujeda, komabe ankamumvera.

Iye asanabwere, lipotilo linali sewero chabe. Tsiku lojambula zithunzi likafika, kampani inkabwereka mitengo ya m'miphika kwa wogulitsa maluwa, n'kuindandalika pageti, mabwana n'kumwetulira pakati pake, madzulo mitengo n'kubwerera kwa eni ake. Chonsecho kuseri kwa mpanda madzi oziziritsa makina ankangotayikira m'ngalande, oyera bwinobwino, otentha mosayika chala. Tsidya la ngalandeyo kunali nyumba zosanjikizana za antchito, ndipo pamwamba penipeni pankakhala apongozi ake, amayi a mwamuna wake, omwe ankatenthetsa madzi osamba pambaula ya makala mawindo ali chitsekere. Chifuwa chawo chinkamveka munthu akadali pansi pa masitepe, ndipo adokotala anali atanena mosabisa kuti utsi wa makalawo udzawapha.

Mayi Zimitsani anawakakamira abwana aakulu mpaka anamulola kuyala mapaipi otengera madziwo kunyumbazo, ndi kuika pampu yowakankha. Koma analola ndi mawu owuma. "Mayi, ndibwera ndekha kudzaona," anatero abwanawo. "Madzi akapanda kufika pamwamba ali otentha, mapaipi anuwo tizula, tibwerere ku mitengo yathu."

Anabweradi, nthawi ya chakudya chamasana, poti mpata wawo unali womwewo. Anakwera masitepe ali wefuwefu, tayi ili paphewa, amayi a m'nyumba zonse akuwatsatira pambuyo. Apongozi anawalandira atagwira chitseko cha kubafa.

"Ndiye mwati madzi akwera okha mpaka kuno?" apongoziwo anafunsa Mayi Zimitsani. "Ine amene ndili ndi miyendo ndimapumira panjira, nanga iwowo ndi ndani?"

"Dikirani muone, amayi," anayankha Mayi Zimitsani, natsegula mpope.

Mpope unapuma ngati munthu wotopa, unadontha timadontho tozizira, n'kukhala chete. Anautseka, nautsegulanso. Palibe. Mayi wina wa nyumba yapansi anaseka chapansipansi. "Koma abale, ndi ozizira omwe akana!"

Mantha anamugwira Mayi Zimitsani. M'mawa womwewo anali atauyesa mpopewo ndi dzanja lake, madzi n'kumutentha. Abwana anayang'ana wotchi yawo, natembenukira kukhomo. Apongozi anatsokomola chifuwa chija chosatha, ndipo iye analephera kuwayang'ana kumaso. Anayang'ana pawindo. Fakitale inali zii, antchito atakhala pamthunzi wa mpanda akudya, nyali zonse zili zozima monga iye ankafunira. Apo m'pamene mutu unatseguka. Anatulutsa foni n'kuimbira mkulu woyang'anira mapampu.

"Achimwene, pampu yatsopano ija ikuyenda?"

"Iyenda bwanji, mayi, nthawi ya chakudya ino? Ndazimitsa ndekha. Pepala lanu lili pompano, ndipo sindinaphonyepo ndi tsiku limodzi lomwe."

"Yatsani!"

Kenako mkulu uja anafunsa mosamala kwambiri. "Pepani, kodi ndikuyankhula ndi ndani?"

"Ndine ndemwe, achimwene! Yatsani msanga, chonde!"

Foni inali yokweza mawu, choncho nyumba yonse inamva mkuluyo akukuwira anzake. "Anthuni, siyani kudya mudzamve! Mayi Zimitsani akuti ndiyatse!"

Abwana, omwe anali atatsika kale masitepe angapo, anaima. Anayesa kuumitsa nkhope, zinakanika, anaseka mpaka kukhala pansi. "Ndiye antchito anga amakumverani inu kuposa ine," anatero akupukuta misozi. "Chabwino, ndidikira."

Sanadikire nthawi yaitali. Paipi ya m'khoma inagwedezeka, inalira kukhosi, mpope n'kulavula madzi ozizira, kenako ofunda, kenako nthunzi inaphimba galasi la kubafa. Pansi wina anakuwa kuti kwake afikanso. Amayi aja anabalalika kuthamangira m'nyumba zawo, ndipo nthungululu zinkakwera masitepe khomo ndi khomo. Abwana anabwerera kubafa, naika chala pamadziwo, nachichotsa msanga akuchiuzira.

"Mapaipi akhala," anatero. "Lembani zimenezi m'lipoti lanu, ine ndisayina. Koma papampu paja mukamatule pepala lanu lero lomwe."

Mayi Zimitsani anayamba kuthokoza. Apongozi ndiwo analibe nthawi ya zimenezo. Anali atakoleka kale thaulo paphewa, sopo ali m'manja.

"Bwana, zikomo kwambiri, koma tulukani," anatero. "Nawenso mwana wanga, tuluka. Wagwira ntchito, ndaona. Tsopano ndikufuna kusamba."

Anawatsekera chitseko pamphuno. Abwana anatsika akusekabe, koma Mayi Zimitsani anatsalira, atatsamira khoma, misozi ili mbwembwembwe. M'katimo madzi ankakhuthuka, ndipo apongozi ake anayamba kuimba mokweza ndi mawu awo osasa, nyimbo yonse mpaka kumapeto.