Chithunzi Chosadula

"Chithunzi chodula sitiyankha," anatero Adimini pafoni. "Kwa dokotala mumabisa chilonda?"

Ndinali m'basi, chikwama pamiyendo. Ine ndi munthu wa pamsewu. Ndimagulitsa zipangizo za magalimoto, lero kuno, mawa uko. Vuto silinali langa. Linali la mlongo wanga, telala. Pulogalamu yake yosungira miyezo ya makasitomala inkangodzitseka, madiresi a ukwati akudikira. Ndinali nditatumiza chithunzi cha zomwe foni yake inkaonetsa, koma chodula.

Mlongo wangayu anali atathawa mwamuna wake, alamu anga. Dzino limodzi analisiya komweko. Ndinamupezera kachipinda m'tauni ina, kuseri kwa owotcherera zitsulo. Odziwa tinali awiri.

Adimini ndiye ankayang'anira gulu la pafoni la ogwiritsa ntchito pulogalamuyo.

"Pamwambapo pali adiresi ya shopu," ndinatero. "Ndadula dala."

"Pamwamba pomwepo ndiye pali nambala ya pulogalamu, akulu. Ndikufuna zonse. Mtundu wa foni, uthenga womwe ikulemba, pomwe munadina. Ine si wolosera."

"Ndikutumizirani panokha. Pagulu ayi. Mwamuna wake ali momwemo, ndiye anamuikira pulogalamuyi. Sakudziwa komwe ali."

"Za m'banja ine ayi. Tumizani."

Ndinatumiza. Kunena zoona, munthuyo ntchito amaidziwa. Basi isanaime, mlongo wanga anaimba.

"Achimwene, yatseguka! Muwathokoze bambowo, Mulungu awadalitse."

Ndinawathokoza. Kawiri.

M'mawa mwake, m'chipinda cha alendo, ndikumanga nsapato, ndinatsegula gulu lija. Chithunzi chili pamwamba penipeni. Chathunthu. Adimini atachizunguliza mizere yofiira. Pansi pake analemba kuti: "Anzanga, phunzirani. Thandizo timapempha chonchi, osangoti 'sikugwira' basi."

Anthu anaikapo tizala tovomereza. Kamodzi kanali ka alamu.

Ndinamuimbira Adimini.

"Ndinati pagulu ayi!"

"Aaa, akulu, dzina lanutu ndaphimba."

"Nanga adiresi?"

"Adiresi amawerenga ndani? Ndichotsa ndikatuluka mumsonkhano. Mwatithandiza kwambiri, anthuwa samva."

Ndinaimbira mlongo wanga, foni inkangolira. Ndinasiya katundu kwa mlonda, ndinathamangira basi. Inaima paliponse. Wokwera, wotsika, wokagula madzi. Ine thukuta kamukamu, foni kukhutu.

Ndinafika dzuwa litapendeka. Owotcherera anandiona, anatsitsa magalasi awo kumaso. Chitseko chinali pululu. Pamakina panali nsalu yoyera, singano ili m'kati, msoko utalekera panjira.

Mlongo wanga anagwada pakona, akulonga nsalu m'thumba. Sanadzutse mutu.

Alamu anakhala pampando wa makasitomala, miyendo tambasuu.

"Alamu! Takulandirani," anatero akumwetulira. "Mwafika bwino, mutithandiza kunyamula makinawa. Anzanuwa asowa kwawo."

"Mlongo," ndinaitana. "Dzuka, tiye."

Anamanga thumba. Anayamba lina.

Alamu anatola lalanje pathebulo. Anayamba kulisenda pang'onopang'ono ndi sizasi ya mlongo wanga, madzi ake akudonthera pansalu yoyera.