Kalongonda wa Mayi Estele

Ndalama zothandizira ophunzira amene apita kukazolowera ntchito zinayenera kubwera kumayambiriro kwa mwezi. Sabata yachitatu inatha, foni ya Tiyamike ili zii. Akafunsa kukoleji, yankho linali lomwelo: "Zili m'njira." Iye ankangoti mwina zikubwera wapansi ngati mwini wake.

Anamutumiza ku bungwe lina losamalira ana pa Chitakale, kukaphunzira ntchito yothandiza mabanja ovutika. Tsiku loyamba lomwelo Mayi Marjory, amene ankamuyang'anira, anamuuza lamulo: "Kunyumba za anthu osalandira kalikonse, ngakhale nthochi imodzi. Ukalandira ndilemba, ndipo kukoleji angathe kukubweza."

Ndiye m'mawa Tiyamike ankamwa tiyi wopanda shuga, n'kuuyamba wapansi kudutsa m'minda ya tiyi, basi. Sanauze munthu. Ankachita manyazi kuti wobwera kudzathandiza anthu ayambe ndiye kudandaula.

Anamupatsa banja la Mayi Estele, othyola tiyi kuesiteti, amene mwana wawo Patricia anasiya sukulu mwadzidzidzi. Bungwe linkafuna kudziwa chifukwa chake pofika Lachisanu. Kupanda apo, dzina la Patricia lichoke pa ana owalipirira fizi.

Ulendo woyamba, Mayi Estele anamuikira mbale ya kalongonda pamkeka. Tiyamike anati wakhuta, ndipo funso lililonse mayiwo anangoliyankha kuti "kaya". Ulendo wachiwiri chimodzimodzi. Lachinayi mbale ija inateranso, nyemba zonenepa zikufuka nthunzi.

"Zikomo amayi, ndadya kale."

Pomwepo mimba yake inalira mosabisa.

"Mwadya kale? Nanga akulira m'katimo ndani, mlendo?" Mayi Estele anapukuta manja pachitenje. "Nenani zoona, a kuofesi. Anakuuzani kuti kalongonda wosapsa amapengetsa, ndiye mukuona ngati ndaphika mothamanga. Ameneyu wakhala pamoto kuyambira dzulo, madzi ndataya kangapo. Kuphika kumeneku mayi anga anabwera nako kuchokera kutsidya kwa malire ku Milanje, ndipo palibe anapengapo. Tsono munthu woopa mbale yanga ndimuuze bwanji za mwana wanga?"

Tiyamike anayang'ana pepala lake la mafunso, loyera mbee. Anayang'ananso mbale. Mawu anatuluka pang'onopang'ono.

"Amayi, si choncho. Chakudya chenicheni ndinadya dzana. Ndalama zathu sizinabwere. Koma ndikadya pano, angandibweze kusukulu."

Mayi Estele anaseka mpaka kugwira m'nthiti.

"Mayo ine! Ndiye amatuma wanjala kukafunsa za njala ya anzake? Iwe mwana, samba m'manja."

Tiyamike anasamba. Kalongonda anali wofewa, wa mchere wokwanira bwino. Asanafike pakati pa mbale, mayiwo anali atayamba kale kulankhula, maso ali pansi. Patricia amadwala khunyu. Anagwa m'kalasi tsiku lina, anzake onse n'kuthawira panja poopa kuti awapatsira, ndipo chichokereni tsikulo amakana kuvala yunifolomu. Kuchipatala cha ku boma sanapite nayeko.

Lachisanu Tiyamike anapereka lipoti lodzaza masamba awiri. Pansi penipeni, m'zilembo zing'onozing'ono, anawonjezera mzere umodzi: "Ndinadya kalongonda kwa Mayi Estele."

Mayi Marjory anawerenga mpaka pamenepo, n'kuvula magalasi.

"Walemberanji zimenezi? Akanadziwa ndani?"

"Ine ndikanadziwa, amayi."

"Kwa mayi amene aja ine ndapitako kanayi, sanandiuzepo kanthu. Unadya chifukwa cha ntchito kapena njala?"

Tiyamike anafuna kunena kuti ntchito. Likanakhala yankho lokongola.

"Zonse ziwiri. Koma njala ndiyo inatsogola."

Kunja kondakitala ankaitanira anthu a ku Limbe. Mayi Marjory anatenga cholembera.

"Dzina la Patricia likhala, ndipo Lolemba upite naye kuchipatala. Mzere wakowu sindifufuta, upita kukoleji momwe ulilimu. Koma pansi pake ndilembapo wanga: andiuze kuti mwana amene ananditumizira wopanda kamba ankayembekeza kuti adya chiyani."

Ngati akamubweza kapena ayi, Tiyamike sanadziwe, ndipo anaopa kufunsa. Mayi Marjory anatsegula kontena yawo ya mpunga n'kuikankhira pakati pa tebulo.

"Ine si banja lako lokaliyendera," anatero. "Katenge supuni."