Tayala Lakumbuyo

Galimoto yawo yogonamo inayamba kununkha chopserera akutsika phiri la ku Valdres. A Ragnhild anaikhotetsera pambali, pakamwa pakuyenda pemphero losamveka.

Aka kanali koyamba kuti iwo ayendetse ulendo wautali, wopita kunyanja. Amuna awo, a Eilif, sitiroko inawapha dzanja lamanja ndi kuwalemeretsa lilime. Mwana wawo Turid anavomera ulendowu monyinyirika: chikangovuta chilichonse panjira, galimotoyo igulitsidwe, makolo akhale pakhomo.

A Eilif anatsika movutikira, nayamba kuizungulira atatsamira ndodo. Pa tayala lililonse ankayandikiza kumbuyo kwa dzanja lamoyolo, osakhudza. Atafika kumbuyo chakumanzere anabweza dzanja msanga.

"Ili," anatero. "Buleki... yagwira."

A Ragnhild anadziwa pomwepo. Amuna awo sankasiya galimoto pa buleki ya pamanja nyengo yonse yachisanu. Ankaika m'giya n'kutsekera matayala ndi zipika. Koma chaka chino, iwo ali m'chipatala, woimika anali mayiwo, ndipo anakoka bulekiyo mwamphamvu. Dzimbiri linachita zake. Mayiwo anathamangira botolo la madzi kuti athire patayalapo.

"Ayi, mayi! Chitsulo... chipindika. Bweretsani khofi."

"Galimoto ikupsa, inu mukufuna khofi? Nkhalamba yopanda mantha!"

Anakhala pamwala kudikira kuti tayala lizizire. Mayiwo anawadulira buledi ndi tchizi tizidutswa tonyamulika ndi dzanja limodzi. Za amene anakoka buleki, a Eilif sanafunse.

Litazizira, anawapatsa akazi awo hamala, nawalozera ndi ndodo pogogoda.

"Pang'ono. Si mutu wanga."

Kenako anawauza abwerere kumbuyo pang'ono, apite kutsogolo, abwererenso. Kunamveka kuti *kho!* Galimoto inayenda mopepuka. Anatsika phirilo pa giya yaing'ono, akuima pafupipafupi kuti dzanja lija liyese kutentha, mpaka pagalaja ya m'munsi.

Ali pomwepo foni inalira. Anali Turid. A Ragnhild sanali munthu wonama, choncho anafotokoza zonse.

"Ndinanena ine, amayi! Mawa ndikubwera kudzakutengani."

A Eilif anatambasula dzanja, napatsidwa foniyo. Anayankhula pang'onopang'ono, liwu lililonse akulinyamula ngati mwala: za dzimbiri, za chingwe cha buleki chofunika kusintha, za mafuta a mabuleki amene makaniko ayenera kuwaona chifukwa anatenthedwa. Chidwalireni anali asanayankhulepo motalika chotero.

 Pafonipo panamveka Turid akumina.

"Adadi... mukafika kunyanjako mundiimbire."

A Ragnhild anatembenukira kumapiri, napukuta magalasi awo ndi nsonga ya juzi.