Njira ya pa Mapu

Kalata yochokera kusukulu inati Odessa, mwana wa Verna Tibbs, sadzakweranso basi ya sukulu chifukwa amakhala pafupi. M'tauni yawo ku Ohio lamulo linali lakuti mwana wokhala mtunda wosakwana mailosi imodzi aziyenda pansi.

Loweruka Verna anauyenda yekha mtundawo. Anatsata msewu waukulu wopanda ngakhale kampata ka munthu m'mbali, mathiraki akumuwaza matope. Foni yake inawerenga mailosi awiri. Lolemba anafika ku ofesi ya sukulu mtima uli m'mwamba.

Mlembi anatambasula mapu n'kuloza ndi chikhadabo chopenta. "Sitiyeza mumsewu, mayi. Timayeza m'njira ya oyenda pansi ndi njinga. Iyi, yodutsa kuseri kwa paki."

"Njira iti? Pamenepo pali minga ndi mpanda wawaya!"

"Pa mapu ilipo. Khonsolo inaivomereza zaka makumi awiri zapitazo."

"Ndiye mwana wanga aziyenda pa mapu?"

"Zimenezo kafunseni kukhonsolo."

Verna anagogoda khomo ndi khomo kwa milungu itatu, kuuza anthu kuti ali ndi njira imene sanaiwonepo. Tsiku la msonkhano wa khonsolo holo inadzaza. Mwambo wake, wofuna kulankhula amalembetsa dzina n'kupatsidwa mphindi zitatu. Zikatha, kagetsi kofiira kamayaka ndipo maikolofoni imazima. Wapampando, Bambo Gaylord Hutchins, ankakonda kagetsiko kuposa adzukulu awo.

Anatsegula msonkhano atagwira pachifuwa. "Abale anga, nkhaniyi ikundikhudza. Inenso ndine wa njinga. M'mawa uliwonse ndimapalasa mailosi khumi."

"M'chipinda mwanu, pa njinga yolimbitsira thupi yosayenda ija!" anakuwa Cletus, mkulu wina wokhala kumbuyo. "Munagundidwapo ndi kabati kangati, bwana?"

Anthu anaseka. A Hutchins anamenya tebulo ndi kanyundo kawo, n'kuitana Verna.

"Bambo Wapampando, sindikupempha zachilendo," anatero Verna. "Njirayi munaijambula nokha, ndipo sukulu ikuigwiritsa ntchito kumana ana athu basi. Ndiye imangeni! Ana afike kusukulu ndi kupaki osalimbirana msewu ndi mathiraki. Wanga ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Kapena mubwere mawa ndi nsapato zanu zonyezimirazo mudutse pamingapo, iye akutsatireni m'mbuyo..."

Kagetsi kanayaka. Mawu otsala anawamva ndi a mzere woyamba okha.

Makhansala ananong'onezana. Aliyense ankadziwa kuti njirayo ikamangidwa idzadutsa kuseri kwa nyumba za kumtunda, kumene eni ake amadula kapinga kawiri pa sabata ndipo munthu woyenda pansi amamuyimbira apolisi.

A Hutchins anayimirira, n'kumanga batani la jekete. "Mayi Tibbs atitsegula maso. Zoonadi, pali cholakwika chachikulu, ndipo khonsolo ino sizengereza pa nkhani ya ana. Tichikonza lero lomwe."

M'holo munamveka m'manja. Naye Verna anawomba, misozi ili m'maso.

"Ndikupempha," anapitiriza a Hutchins, "kuti njirayo ifufutidwe pa mapu. Ovomereza?"

Mikono isanu inakwera. Ntchito imene inakanika zaka makumi awiri inatha m'masekondi khumi, osagwira ngakhale fosholo.

Sabata yotsatira basi inayambanso kubwera, popeza tsopano sukulu inayeza mailosi awiri a mumsewu aja. Odessa amakwera kusanache bwino, n'kuzungulira madera atatu asanafike kusukulu. Kupaki amapita tsiku limene amayi ake ali ndi mpata womuperekeza pa galimoto. Kalata ya nkhani ya khonsolo inatulutsa chithunzi cha a Hutchins atagwira chiwongolero cha njinga, pansi pake atalemba kuti amva kulira kwa makolo.

Verna anapita kukalembetsanso mphindi zake zitatu. Kalaliki wa khonsolo anamufunsa mutu wa nkhani.

"Njira ya kuseri kwa paki."

Kalaliki anayang'ana pa kompyuta nthawi yaitali, kenako anamubwezera pepala lake mwaulemu wonse.

"Pepani, mayi. Khonsolo singakambirane za njira imene kulibe."