Mbali ya Achimwene

Panyuzipepala ija panali lamulo limodzi limene Mkonzi wamkulu ankalinyadira kuposa madigiri ake: munthu asanalembedwe, aimbiridwe foni kuti imveke mbali yake. Analikhazikitsa yekha, ndipo atolankhani angapo anawaonetsa msana wa njira chifukwa cholinyozera. Mayiyu sankaseka ndi ntchito. Akuluakulu a makampani ankati akaona nambala yake, ankadziwa kuti zavuta. Koma paja chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Masana ena mtolankhani wa zachuma analowa muofesi mwake osagogoda, n'kutseka chitseko. Anati bodi ya banki yaikulu ija, ya nthambi m'maiko ambirimbiri, yagwirizana zochotsa mkulu wake, ndipo mwiniwakeyo sanauzidwe. Anthu awiri a m'bodimo anali atatsimikiza. Nyuzipepala ina inali itayamba kale kununkhiza.

Mkulu wa bankiyo anali mchimwene wake wa Mkonzi, wa bere limodzi. Ndiye ankamuluka tsitsi mokhotakhota mayi awo akalawirira kuntchito, ndiyenso anamupatsa dzina loti Kamlomo chifukwa cha mafunso ake osatha. Padziko lonse munthu amene ankamuitanabe choncho anali yekhayo.

Mtolankhaniyo anati foni yofunsa mbali ya mkuluyo aimba ndi iyeyo. Mkonzi anakana. Anaganiza kuti nkhani yowawa imapepukako ikadzera kwa m'bale, ndipo apa ndi pamene nzeru zake zonse zinamuthawa.

Foni itangoitana, achimwene anayankha mosangalala. Kumbuyo kunkamveka makina osokera. Anati ali kwa telala, akuyesa suti ya phwando la banki, ndipo telalayo akudandaula kuti mimba yakula. Anaseka, n'kumufunsa Kamlomo chamukumbutsa n'chiyani lero, popeza iye amaimbira anthu okhawo amene akumira.

Mkonzi anauza achimwene zonse. Makina aja anapitiriza kulira kwa kanthawi, kenaka kunamveka chitseko chikutsekedwa.

"Ukundiuza, kapena ukundifunsa?" anatero achimwene motsitsa.

Yankho linalipo, lalifupi, ndipo mtima wake unalidziwa. Koma mtolankhani uja anali chiimire patsogolo pa desiki, cholembera m'manja, ndipo pakamwa pozolowera panatulutsa zimene panazolowera.

"Tikufuna timve mbali yanu, achimwene."

Achimwene anakhosomola. Kenaka, ndi mawu aja ankalankhulira pamisonkhano, anati akuthokoza banki chifukwa cha mwayi wotumikira, ndipo akufunira zabwino amene abwere pambuyo pawo. Anafunsa ngati walemba bwino. Iye anati walemba. Achimwene anadula foni.

Nkhani inatuluka patsamba loyamba, ndipo nyuzipepala za kunja zinaitola. Eni kampani anamutumizira Mkonzi maluwa, akuti waonetsa kuti sayang'ana nkhope. Maluwawo anawasiya pakona mpaka anafota. Ankawaimbira foni achimwene, osayankhidwa. Alamu ake anangomuuza kuti suti ija ikadali kwa telala, palibe wokaitenga. Chisoni chinamudya mayiyu, ndipo analibe womudandaulira, chifukwa aliyense ankangomuyamikira.

Iye ndi achimwene anakakumana kunyumba kwa mayi awo, tsiku lokumbukira kubadwa kwa mayiwo. Mkonzi anaima pakhomo la pabalaza ndi keke m'manja. Ana ankathamangitsana kuseri kwa mipando, alamu ankakamba za fizi, ndipo achimwene anali pampando wa pawindo, ataonda, kolala ya malaya ikuwakhwepa. Mkonzi anangoyembekeza dzina lija la Kamlomo basi, ngakhale litabwera ndi chipongwe.

Achimwene anadzuka, n'kumupatsa moni wa padzanja bwinobwino, monga amachitira ndi alendo a kubanki. Anamulozera mpando wabwino. Kenaka anatembenukira kwa akazi awo ndi ana, n'kunena mofatsa, popanda mkwiyo uliwonse:

"Tisamale zolankhula. M'nyumba muno mwalowa atolankhani."